Mayina Okana Kuchuluka m'Chingerezi

Pali zinthu zina zimene munthu sangazigwire ndi manja kapena kuziona ndi maso, komabe amadziwa kuti zilipo. Zinthu zotere ndi monga chikondi, ulesi, nzeru ndi mtendere, ndipo mayina ake amatchedwa mayina a zinthu zosakhudzika. Mbuzi zimawerengeka polowa m'khola, koma palibe munthu amene angawerenge ulesi wa mnzake.

Kawirikawiri dzina la m'Chingerezi limachuluka poika "s" kumapeto kwake, monga "book" ndi "books". Mwana wa sukulu akazolowera lamuloli amafuna kupachika "s" paliponse, ndipo apa ndi pamene amaphunthwa, pakuti mayina ambiri a zinthu zosakhudzika salandira "s". Ena mwa iwo ndi "honesty", "knowledge", "information" ndi "advice".

Mwa onsewa, "advice" ndiye amakola ana ambiri, ndipo gwero la vutoli lili m'Chichewa momwemu. Wolankhula Chichewa amati "malangizo", dzina limene limamveka kale kuti ndi la zinthu zambiri. Tsono polemba Chingerezi dzanja limathamangira kulemba "advices", ndipo mphunzitsi amathetha. Mngerezi amaona malangizo ngati ufa: sawerengeka pokhapokha atapatulidwa pang'onopang'ono. Akafuna kuwerenga amati "a piece of advice" kapena "two pieces of advice". Ngakhale agogo atalangiza mdzukulu wawo usiku wonse, zonse zimene anenazo ndi "advice" basi.

Komabe alipo mayina ena amene amalola kuchuluka, koma akatero tanthauzo lake limasintha. Zotere zimachitikanso m'Chichewa. Ukwati ndi kukhala pamodzi kwa mwamuna ndi mkazi, koma munthu akati, "Chaka chino kwachitika maukwati atatu," akuwerenga madyerero amene anthu anasonkhanira. Chimodzimodzi "experience" ndi luso limene munthu amalipeza pogwira ntchito nthawi yaitali, pamene "experiences" ndi zinthu zosiyanasiyana zimene wakumana nazo m'moyo wake.

Nthawi zina tanthauzo limapita kutali ndithu. Ng'ombe zikalowa m'munda mwa eni, kuonongeka kwa chimangacho ndi "damage". Koma ndalama zimene khoti lingalamule mwini ng'ombe kuti alipire mwini munda zimatchedwa "damages". Munthu wosokoneza mawu awiriwa angathe kulemba kalata yodandaula imene ikunena zimene iye sanafune kunena.

Chodabwitsa n'chakuti pali mayina ena ochepa amene amafuna "s" ameneyu. Poyamikira mnzake amene wakhoza mayeso, munthu amati "Congratulations". Pothokoza amati "thanks", ndipo popepesa anamfedwa amatumiza "condolences". Mayina otere ndi ofunika kungowaloweza, monga momwe mwana amalowezera mayina a miyezi.