Imvi Si Matenda

 Lero sindikamba za mbewu kapena za mizere ayi. Ndifuna ticheze za mwini munda, makamaka uja tsitsi lake layamba kuyera. Ine ndine mwana pamaso panu, ndipo kapena wina anena kuti, "Kamnyamata aka kadziwa chiyani za ukalamba?" Pepani akuluakulu, ndingonena zimene ndaona poyendera minda yanu, ndi zimene a chipatala atiphunzitsa.

M'mudzi wina wa m'dera langa muli madala awiri amene anavinidwa chaka chimodzi. Woyamba, ana ake atayamba ntchito m'tauni, anakoleka khasu patsindwi nati, "Zanga zinatha, tsopano ndidyerere." Lero atuluka m'nyumba ndi ndodo, ndipo podzuka pamphasa afuna womugwira dzanja. Mnzake uja akali ndi dimba lake kudambo. Chaka chatha anandiitana kuti ndikamuonetse kumezanitsa mango, ndipo nditamuseka kuti adzadya ndani, iye anati mtengo womezanitsa ubala patapita zaka zitatu kapena zinayi, nanga iye afulumira kupita kuti?

Kusiyana kwa anthu awiriwa si mankhwala ayi. Mnofu wa munthu uli ngati khasu: likamalima liwala, likangokhala lichita dzimbiri. Munthu wamkulu akaleka kuyenda ndi kugwira ntchito, minofu ya m'miyendo iyamba kuphwa msanga, ndipo kuibweza n'kovuta kuposa pa mnyamata. Sindikuti agogo azigwetsa mitengo kapena kusenza matumba a chimanga. Zimenezo asiyireni anyamata. Koma kulima pang'ono m'mamawa ndi kubwerako dzuwa lisanawawe, kuthirira dimba, kusema mipini, kuluka mphasa, kuyenda wapansi kukaona abale kutsidya, izi ndizo zisunga mafupa ndi mtima.

Tsono za chakudya, pamene ambiri tilakwa. Nkhalamba mano akatha, tiipatsa nsima yambiri ndi ndiwo pang'ono, poganiza kuti yakhuta. Nsima yokha sikwanira. Kuli nthenda yotchedwa pelagra, imene igwira anthu odya chimanga chokhachokha. Khungu la pakhosi ndi la kumanja, pamene dzuwa liwomba, lida ndi kusenda ngati lapsa, m'mimba mutseguka, pambuyo pake mutu usokonezeka, munthu nayamba kuiwala ndi kulankhula zosamveka. M'chaka cha 1990 nthendayi inagwira anthu oposa 17,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali m'dziko muno, pa nthawi imene mtedza unasowa pa chakudya chimene anali kulandira. Taonani, mtedza womwewo tilima tokha! Chifukwa chake pokolola musagulitse wonse. Sungani wina wa nsinjiro zotendera masamba ndi zothira m'phala la mgaiwa. Nyemba, khobwe ndi nandolo ziphikidwe mpaka kufewa. Usipa ndi matemba zisinjidwe ngati agogo alephera kutafuna. Dzira la nkhuku lisakhale la alendo okha.

Mchere chepetsani. A zaumoyo ati munthu wamkulu asapyole kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku, chifukwa mchere wambiri ukweza kuthamanga kwa magazi, nthenda yosamveka kuwawa imene igwetsa munthu mwadzidzidzi ndi kumupha ziwalo mbali imodzi. Mukapita kuchipatala pemphani akuyezeni. Za kachasu ndi fodya sinditalikitsa. Mudziwa nokha amene akalamba msanga m'mudzi mwanu ndi komwe aswera.

Ena akhala pansi chifukwa maso achita ng'ala, ndipo abale angoti ndi ukalamba. Ng'ala ichotsedwa. Madokotala achotsa kanthu koyera kaja m'diso, munthu n'kuyambanso kuona patapita masiku owerengeka. Chipatala cha Nkhoma chidziwika ndi ntchito imeneyi, ndipo achitanso ku zipatala zazikulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Musamusiye kholo lanu mumdima chifukwa choopa ulendo.

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu. Chimene chikalambitsa munthu koposa zonse ndi kuona kuti palibe womufuna. Mayi wokalamba akayamba kuiwala, kusochera pa njira ya kuchitsime, kapena kulankhula yekha, anthu afulumira kunong'ona kuti ndi mfiti. Kawirikawiri ameneyo ndi wodwala, kapena wanjala, kapena watha masiku osacheza ndi munthu. Lamulo la boma la chaka cha 1911 liletsa kunenera munthu ufiti, ndipo mfumu imene ilola zotere pabwalo pake idziputira mlandu. Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga dambolo tikaliumitsa tokha, moto tidzazima kuti? Aitaneni pa milandu ya malire a minda, pakuti ndiwo akumbukira pamene panali mtengo wa malire. Afunseni za mbewu zakale zopirira chilala, mapira, mawere ndi chinangwa, zimene ife alangizi tikuzifunafunanso lero.

Ndi inu madala ndi amayi aakulu, pa msonkhano wa alimi musakhale kumbuyo n'kumati za manyowa ndi akalozera n'za ana. Bwerani kutsogolo, funsani, ndipo tikalakwa titsutseni pomwepo.

Sabata yamawa tidzakamba za kasungidwe ka mtedza kuti usachite chuku m'nkhokwe. Tsalani bwino nonse.