LIU LA CIFALANSA LIMENE LILI PA LISITI LANU

Amai a m'komboni ya George mu Lusaka amene amakaoda zitenje ku Kasumbalesa, pa malire a Zambia ndi Congo, amabwera ndi timapepala tolembedwa m'Cifalansa. Ici ndico ciyankhulo ca boma m'dzikolo, limene linali kuchedwa Zaire kucokera 1971 kufikira 1997. Alimi otumiza mbeu zao kumeneko amalandiranso malisiti otere, ndipo liu limodzi lingawatayitse ndalama.

Liu limenelo ndi payé, kutanthauza "zolipiridwa." Licokera ku payer, "kulipira." M'makutu mau awiriwa amveka cimodzimodzi, koma pa pepala ali osiyana kwambiri. Lisiti likalembedwa payé, ngongole yatha. Likalembedwa à payer, mwini katundu akali kuyembekeza ndalama zace.

Liu longa payé eni ciyankhulo amalicha participe. Dzinali lisakuopseni, pakuti ife tomwe timacita zimenezi tsiku ndi tsiku. Pa "kutseka" timapanga "citseko cotseka," pa "kuphika" timapanga "nyama yophika." Ife timasintha kumutu kwa liu, iwo amasintha kumcira. Liu lothera ndi -er limatenga -é: fermer, kutseka, likhala fermé. Lothera ndi -ir limatenga -i: finir, kumaliza, likhala fini. Vendre, kugulitsa, likhala vendu. Ena ndi osamvera lamulo ndipo afunika kungowaloweza pamtima, monga ouvert, cotsegula, interdit, coletsedwa, ndi reçu, colandiridwa, limenenso ndilo dzina la lisiti lenilenilo.

Monga timanenera "citseko cotseka" koma "zitseko zotseka," participe nayenso amatsata dzina. M'Cifalansa dzina lililonse ndi lacimuna kapena lacikazi, ngakhale la cinthu copanda moyo. Motero ofesi yotseka ndi bureau fermé, citseko cotseka ndi porte fermée, zitseko zambiri ndi portes fermées. Pakamwa fermé, fermée ndi fermées sasiyana konse, ndipo apa ndi pamene ana a sukulu amagwa pa mayeso. Ine ndiona kuti mwana wodziwa bwino Cinyanja cace sayenera kugwa pano.

Liu lomweli limathandizanso kunena zakale: j'ai payé ndiye kuti "ndalipira." Pali mtundu winanso wothera ndi -ant, wofanana ndi "po-" wathu: en marchant, poyenda, en payant, polipira. Umenewu kawirikawiri mudzaupeza m'makalata, koma pa lisiti yang'anani cilembo cothera: é kapena er.