NTHAMBO YA MIDI SIINYAMULA MAU

Masiku ano oimba ambiri ajambula nyimbo zao m'cipinda ca kunyumba, koma ena ataya ndalama cifukwa cosadziwa nchito ya nthambo zimene agula.

Njira ya MIDI inaonetsedwa poyera mu January 1983 ku America, pamene kiyibodi ya Prophet-600 ya Dave Smith inalumikizidwa ndi Jupiter-6 ya kampani ya Roland. Nthambo yace ya mano asanu siinyamula mau ai. Ingopereka uthenga wonena batani limene lakanikizidwa, mphamvu imene lakanikizidwa nayo, ndi nthawi imene lasiyidwa. Uthengawo uturukira pa OUT, nulowa pa IN ya makina enawo. Mukalumikiza OUT ndi OUT inzace, m'nyumba mudzangoti zii.

Mau eni-eni a woimba kapena a gitala adzera m'kabokosi kochedwa audio interface, kamene kawasandutsa manambala kuti kompyuta iwasunge. Maikolofoni ambiri a mtundu wa condenser afuna magetsi a mavoti 48 ocokera m'kabokosika, ndipo popanda magetsiwo sagwira nchito.

Tsono musanapite ku sitolo, yambani mwadzifunsa kuti: kodi ndifuna kutumiza uthenga kapena mau?