Kabokosi ka Intaneti Pakhomo Panu

Amayi anzanga, pa msonkhano wa gulu lathu mwezi watha, mayi wina anandikokera pambali nandifunsa monong'ona ngati a kampani ya intaneti amawerenga zimene iye amalemberana ndi mwana wake wa ku Johannesburg. Zinali nkhani za matenda a chiberekero, zosayenera kumvedwa ndi aliyense.

Ndinamkhazika mtima pansi motere. Kampani yotigulitsa intaneti, kaya ndi TNM kaya Airtel, ikunga wa ku positi ofesi: amaona adiresi ya pa envulopu, tsiku ndi kulemera kwake, koma kalata ya m'kati saiwerenga. Motero kampani itha kudziwa dzina la tsamba limene mwatsegula, nthawi yake ndi kuchuluka kwa data imene mwatha. Koma adiresi ya tsambalo ikayamba ndi https, mawu ake ndi omata. Mauthenga a pa WhatsApp nawonso akhala omata kuyambira 2016. Ena amadalira "Incognito". Imeneyo imangofufuta mapazi m'foni mwanu, kampani imaonabe kumene mwapita.

Tsono chondidetsa nkhawa ine ndi kabokosi kaja kotchedwa rauta, kamene kali pa kabati. Ambiri a ife sitinasinthepo pasiwedi imene kanabwera nayo, yolembedwa pa kapepala kunsi kwake. Mlendo angokatembenuza, nawerenga. Mwana apatsa mnzake, mnzakeyo apatsa wa pa okala, bandulo ya mwezi nkutha m'masiku khumi. Kutha kwa ndalama nkochepa. Kuyambira 2018 SIM khadi iliyonse m'dziko muno imalembetsedwa ndi chiphaso. Choncho wina akabera anthu podzera pa kabokosi kanu, ofufuza adzayambira pa dzina lanu kapena la bambo a m'nyumba.

Makiyi a kabokosika alipo awiri. Woyamba ndi wa Wi-Fi. Wachiwiri ndi wolowera m'kati kukasintha zinthu, ndipo kawirikawiri amangokhala mawu akuti "admin". Sinthani onse awiri. Polowera pake ndi manambala onga 192.168.1.1, olembedwa pa kapepala komweko. Musaike dzina la mwana kapena chaka chobadwa. Lumikizani mawu anayi osagwirizana, ndipo pa chitetezo musankhe WPA2 kapena WPA3.

Mukalowa, werengani mafoni amene alumikizidwa. Ife tinapeza asanu ndi awiri, pamene m'nyumba muli atatu okha! Wosunga kiyi wachiwiriyu amaona zonsezi, ndipo pa marauta ena amaona ngakhale maina a masamba otsegulidwa. Kaamba ka ichi, mnyamata wokuthandizani akatha ntchito yake, kiyi ameneyu mumtayipe ndi dzanja lanu, ndi kumlemba m'kope limene mumasunga nokha.