MABATIRE A KALAVANI: A MAVOLTI 6 KAPENA A 12?

Lero tikamba za mabatire a kalavani, ndiyo galimoto kapena ngolo imene munthu agonamo ndi kuphikiramo ali pa ulendo. Nyali zace, pampu ya madzi ndi furiji zifuna mavolti 12, ndipo mavolti amenewa apezeka mwa njira ziwiri.

Njira yoyamba ndiyo kulumikiza mabatire awiri a mavolti 6 motsatana, mutu wa + wa batire ili ku mutu wa − wa linzace. Mavolti aphatikizana nakhala 12, koma nkhokwe ya mphamvu, imene aiyesa ndi ma-amp-hour, siicuruka ai. Awiri a 225 apatsa 225 yomweyo. Njira yaciwiri ndiyo kulumikiza awiri a mavolti 12, + ku + ndi − ku −. Apa mavolti sasintha, koma nkhokwe ziphatikizana: awiri a 100 apatsa 200.

Kusiyana kwenikweni kuli m'kati. Batire liri ndi zipinda, ndipo cipinda ciri conse cipatsa mavolti 2. La 6 liri ndi zipinda 3, la 12 liri ndi zipinda 6. Popeza zipinda za la 6 ziri zazikuru, mbale zace za mtobvu zikhala zocindikala, ndipo zipirira kukhuthulidwa ndi kudzazidwanso kawirikawiri. Inu a ku mgodi mudziwa nyali ya pa cisoti, imene iyaka shifiti yonse nibwezedwa kukadzazidwa tsiku ndi tsiku. Nchito ya batire la kalavani iri yotero. Batire lolizira injini siliyenera pa nchito iyi, cifukwa mbale zace nzopyapyala ndipo zitha msanga.

Komatu akulu anati mutu umodzi susenza denga. Batire limodzi la 6 likafa inu muli ku Luangwa, lotsalalo palokha siliyatsa kanthu. Ndiponso liri lonse lilemera pafupi makilogramu 30. Pamene a 12, limodzi likafa mungolicotsa, ulendo nupitirira ndi linzace.

Cotero munthu wogona kuthengo masiku ambiri, kutali ndi magetsi, agule a 6, ndipo ngati kalavani ingathe kunyamula, akhale anai, awiri-awiri, kuti ena akafa ena atsale. Woyenda masiku awiri okha, wogona pamene pali magetsi, a 12 amkwanira, malinga akhale a mtundu uja auti deep cycle.

Ali onse amene mwasankha, musawakhuthule kupitirira theka. Atadzaza aonetsa mavolti 12.6, akafika pa 12.2 adzazeninso. Thiranimo madzi a batire okha, osati a pa mpopi. Bokosi lao likhale lopita mphepo, pakuti podzazidwa aturutsa mpweya wogwira moto. Ndipo musaphatikize lakale ndi latsopano, cifukwa lakale lidzafooketsa linzace.

Tsalani bwino nonse.