Kudzukanso kwa Germany Pakati pa Nkhondo Ziwiri ndi Mmene Kunakhudzira Nyasaland

Ophunzira mbiri m'masukulu a sekondale a ku Nsungwi, Kawale kapena Chinsapo amaloweza maina monga Versailles, Locarno ndi Munich ngati nkhani za ku Ulaya zimene zilibe gawo pa Malawi, komatu m'zaka za pakati pa 1919 ndi 1939, pamene dziko la Germany linkayesetsa kubwezeretsa ulemu ndi mphamvu zake litagonja pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, tsogolo la Nyasaland linkakambidwa nawo m'zipinda za akazembe. Chifukwa chake n'chakuti mpaka nthawi ya nkhondoyo Germany anali mnansi wa dziko lino, popeza ankalamulira German East Africa, dera limene mbali yake yaikulu lero ndi Tanzania, ndipo malire a maiko awiriwa, otsata mtsinje wa Songwe ndi gombe la kum'mawa kwa nyanja, anaikidwa mu pangano la Britain ndi Germany la mu 1890.

Nkhondo itayamba mu Ogasiti 1914, sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli, ndipo pa 9 Seputembala magulu a nkhondo a mbali ziwirizi anamenyana ku Karonga. Anthu a kuno pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza katundu wa asilikali, kufikira pamene mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anatula zida ku Abercorn, komwe tsopano ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Pangano la Versailles, losainidwa pa 28 Juni 1919, linachepetsa asilikali a Germany kufika pa 100,000, linamuweruza kuti alipire chipukutamisozi chimene mu 1921 chinaikidwa pa mamaki a golide 132 biliyoni, ndiponso kudzera mu ndime 119 linamulanda maiko onse amene ankalamulira kunja kwa Ulaya. Mbali yaikulu ya German East Africa, imene inatchedwa Tanganyika, inapatsidwa kwa Britain, Rwanda ndi Burundi kwa Belgium, pomwe kadera ka Kionga kanaphatikizidwa ku Mozambique. Tanganyika sanakhale chuma cha Britain chenicheni, koma dziko losungitsidwa, ndiko kuti Britain ankalilamulira m'dzina la League of Nations, bungwe la mgwirizano wa maiko limene linakhazikitsidwa nkhondo itatha, ndipo ankayenera kupereka lipoti ku bungwelo chaka ndi chaka.

Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo Ajeremani ambiri, a zipani zosiyanasiyana, ankaona pangano la Versailles ngati mlandu woweruzidwa mokondera umene uyenera kuzengedwanso. Poyamba dzikoli linali losalidwa, choncho mu 1922 linapalana ubwenzi ndi losalidwa linzake, Russia ya chikomyunizimu, pa pangano la Rapallo. Mu 1923, ngongole ya nkhondo itachedwa kulipidwa, asilikali a France ndi Belgium analowa m'dera la mafakitale la Ruhr, ndipo ndalama ya Germany inagwa mpaka kusanduka mapepala achabechabe. M'chaka chomwecho Gustav Stresemann anakhala nduna yoona za ubale ndi maiko akunja, udindo umene anakhala nawo mpaka imfa yake mu Okutobala 1929, ndipo nzeru yake inali yakuti dziko lopanda asilikali okwanira silingabweze zotayika mwa makani, koma mwa kukwaniritsa zina mwa zofuna za adani ake kuti nawonso afewetse mitima. Dongosolo la Dawes la mu 1924 linapeputsa kalipiridwe ka ngongole ndi kutsegulira njira ndalama zobwereka za ku America. Mapangano a Locarno a mu 1925 anatsimikiza malire a Germany ndi France ndi Belgium, ngakhale kuti Stresemann anakana dala kulonjeza zomwezo pa malire ake ndi Poland. Ndipo mu Seputembala 1926 Germany analandiridwa mu League of Nations ndi mpando wokhazikika m'khonsolo yake. Stresemann analandira mphoto ya mtendere ya Nobel ya 1926 pamodzi ndi Aristide Briand wa ku France, ndipo asilikali a maiko opambana anachoka ku Rhineland, dera la Germany limene ankalilondera, mu 1930, zaka zisanu nthawi yoikika isanakwane.

Zipatso za ukazembe umenewu zinaonekera ngakhale kutsidya kwa Songwe. Kuyambira mu 1925 Ajeremani analoledwa kubwerera ku Tanganyika, ndipo ambiri anatsegula minda m'mapiri a kum'mwera kwa dzikolo, pomwe amishoni a Moravian ndi a Berlin anayambiranso ntchito m'madera ozungulira Rungwe, kumene amishoni ndi aphunzitsi a Livingstonia anali atasamalira mipingo eni ake atathamangitsidwa. Mu 1927 Mjeremani wina, Ludwig Kastl, analowa m'komiti ya League of Nations younika malipoti a maiko osungitsidwa, kotero kuti dziko limene mu 1919 linanenedwa kuti siloyenera kulamulira anthu a mu Africa tsopano linali ndi mawu pa mmene Britain ankayendetsera Tanganyika. Pamene komiti ya Hilton Young, imene inatulutsa lipoti lake mu 1929, inkafufuza za kulumikiza maiko a Angerezi a kum'mawa ndi pakati pa Africa, kuphatikizapo Nyasaland ndi Northern Rhodesia, Germany anatsutsa kuti Tanganyika alowetsedwe m'chitaganya chotere, podziwa kuti dziko losungitsidwa likangomangiriridwa kwa maiko ena kulibweza kungakhale kovuta.

Adolf Hitler atatenga boma mu Januwale 1933, cholinga chophwasula pangano la Versailles chinapitirira koma njira inasintha, kuchoka pa kukambirana kupita pa kuchita chinthu kaye n'kudikira kuona ngati wina angaletse. Mu Okutobala 1933 anatulutsa Germany mu League of Nations. Mu Marichi 1935 anabwezeretsa lamulo lokakamiza anyamata kulowa usilikali. Mu Juni chaka chomwecho Britain anavomera kuti zombo zankhondo za Germany zifike pa magawo 35 pa 100 alionse a zombo zake. Ndipo mu Marichi 1936 asilikali ake analowa ku Rhineland popanda wowabweza. Kuyambira pamenepo nkhani yobweza maiko a mu Africa inkamveka kawirikawiri m'zolankhula zake, ngakhale kuti mtima wake weniweni unali pa nthaka ya kum'mawa kwa Ulaya.

Apa ndi pamene Nyasaland anafika pafupi kwambiri ndi malonda a akazembe. Boma la Britain la Neville Chamberlain linkatsata mfundo yonyengerera Hitler, ndiko kumupatsa zina mwa zofuna zake pofuna kupewa nkhondo, ndipo pa 3 Marichi 1938 kazembe wa Britain ku Berlin, Nevile Henderson, anamufotokozera ganizo lokonzanso ulamuliro wa chitsamunda m'chigawo chapakati cha Africa, kuti Germany apatsidwemo gawo pansi pa malamulo amene atsamunda onse a m'chigawocho akanagwirizana. Chigawocho chinali chofanana ndi dera la malonda omasuka limene msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885 unalemba, lofika kum'mwera mpaka ku mtsinje wa Zambezi, ndipo Nyasaland anali m'kati mwake. Ganizoli silinatchule kuti Germany adzatenga dziko liti, komanso mafumu, aphunzitsi ndi mabungwe a mbadwa amene anali atayamba kale kulankhulira anthu a kuno sanafunsidwe. Hitler sanalilabadire, ndipo pasanathe masabata awiri analanda Austria, kenaka mu Seputembala anapatsidwa dera la Sudetenland pa msonkhano wa ku Munich.

Nkhondo yachiwiri itabuka mu Seputembala 1939, Ajeremani a ku Tanganyika anatsekeredwa m'misasa, ndipo asilikali a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles anatumizidwanso ku nkhondo, ulendo uno ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar ndi Burma. Zaka makumi awiri zimenezi zikusonyeza kuti dziko logonja lingathe kubwezeretsa malo ake pakati pa anzake mwa zokambirana, monga anachitira Stresemann, komanso kuti maiko opambana anapereka monyinyirika kwa boma la demokalase zinthu zimene pambuyo pake anapereka mofulumira kwa wolamulira mwankhanza. Kwa Amalawi phunziro lina ndi lakuti zimene akazembe a ku Ulaya analemba popanda eni nthaka zidakali ndi mphamvu, pakuti pa mkangano wa malire a pa nyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania, chikalata chimene boma la ku Lilongwe limatsamirapo ndi pangano lomwe lija la Britain ndi Germany la mu 1890.