BAISIKOPO NDI LUMO LA BOMA

Anzanga a m'migodi, funsani akulu-akulu amene anacokera ku Nyasaland kudzagwira nchito m'mapulazi a fodya a ku Mashonaland ndi pa migodi ya Shamva ndi Bindura, adzakuuzani za baisikopo ya masiku ao. Ati mnyamata ndi mtsikana akayandikana pa nsaru paja, cithunzi cinali kudumpha, mwadzidzidzi muona akavalo alikuthamanga. Ine ndine kalaliki, ndipo ndidziwa kuti buku likasowa tsamba, alipo amene analing'amba.

Kudula zithunzi kunayamba kale ku Amereka komweko. M'caka ca 1907 mzinda wa Chicago unapatsa apolisi mphamvu yoletsa cithunzi ciri conse. Masiku amenewo zithunzi zinalibe mau. Zonena za anthu zinali kulembedwa pa nsaru, cotero kusintha nkhani kunali kwapafupi. Cithunzi ca The Cheat ca 1915 cinaonetsa munthu wa ku Japan alikuoca mkazi Wacizungu ndi cidindo pa phewa. Ajapani anadandaula, ndipo pocitulutsanso mu 1918 eni ace anangosintha zolemba, munthu uja nasanduka wa ku Burma.

M'caka ca 1921 munatuluka cithunzi ca cikondi cochuka, The Sheik. Rudolph Valentino anasewera ngati mfumu ya Aluya imene inaba dona wa ku England m'cipululu, ndipo pambuyo pace awiriwo anakondana. Koma potsiriza kumveka kuti mfumuyo si Mluya ai: atate wace ndi Mngelezi, amai wace ndi a ku Spain. Motero ukwati wa dona ndi munthu wa mtundu wina sunaoneke.

Kuno kwathu mantha amenewa anali akuru koposa. Ku Southern Rhodesia lamulo la 1903 linaletsa mwamuna wakuda kugona ndi mkazi Wacizungu, ndipo Boma silinafune kuti anchito aone dona alikupsompsonedwa. Ku Joni, kuyambira zaka za m'ma 1920, Mbusa Ray Phillips wa ku Amereka ndiye anali kusankha ndi kudula zithunzi zopita ku makomboni a migodi. Ku Northern Rhodesia oyesa zithunzi anali kucotsa akazi obvala zosambira, kukumbatirana kwa nthawi yaitali, ndi Amwenye ofiira akamanga Azungu. Zotsala zinali za makaubhoi, amene anthu a m'komboni anawacha onse dzina limodzi, Jack.

M'caka ca 1948 munakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, kuti ipange zithunzi za anthu akuda okha-okha, zophunzitsa ulimi, ukhondo ndi kusunga ndarama. Zoyamba zinali zopanda mau, ndipo womasulira anali kuimirira pambali nafotokoza m'cinenero ca anthu. Nchitoyi inatha mu 1963 pamodzi ndi Citaganya.

Cimene cindiwawa ine ndi ici. Azungu ambiri analemba kuti munthu wakuda satha kutsata nkhani ya baisikopo, angokonda nkhonya ndi mfuti. Nanga nkhani yodulidwa mutu ndi mimba aitsata ndani? Mukapatsa mlendo nkhuku yocotsa ciwindi ndi nthutumba, musamuseke kuti sadziwa kukoma kwa nkhuku. Makolo athu sanali opusa. Anapatsidwa zotsala, napeza m'menemo coseka ndi cokondwera naco atatopa ndi nchito.

Lamulo loyesa zithunzi la 1967 likadalipo m'Zimbabwe, ngakhale tsopano silisiyanitsa khungu. Ana ayenera kutetezedwa ku zonyansa, pamenepo sinditsutsa. Koma inu amuna akuru, okumba pansi pa nthaka ndi kudyetsa mabanja, mukaona nkhani yadumpha, pa nsaru kapena pa pepala, muzifunsa kuti, wadula ndani, ndipo waopa ciani?